The Sopranos patapita miyezi: amene amadya nawo ndalama za Tony

Nditalemba koyamba za The Sopranos ndinali nditangomaliza sizoni yoyamba, ndipo ndinanena zinthu ziwiri: kuti seweroli ndi la m'banja kuposa la mfuti, komanso kuti James Gandolfini, amene amasewera Tony Soprano, amakukondetsa munthu amene sungafune kukumana naye usiku panjira. Papita miyezi tsopano. Madisiki onse ndawaonera mpaka kumapeto, ena ndabwereza, ndipo anzanga akhala akufunsa ngati maganizo aja ndikadali nawo. Ndikadali nawo. Chasintha ndi munthu amene maso anga amamulondola. Poyamba anali Tony, pano ndi anthu amene amadya naye patebulo. Amene simunamalize kuonera dziwiranitu kuti pano nditchula ndi za kumapeto komwe.

Kwa amene simunalionepo, seweroli analiyambitsa ndi David Chase, ndipo linkaonetsedwa pa HBO ku America kuyambira mu Januwale 1999 mpaka mu Juni 2007. Lili ndi masizoni 6, magawo 86, gawo lililonse pafupifupi ola lathunthu. Tony Soprano ndi mkulu wa gulu la zigawenga la Mafia ku New Jersey, wa mtundu wa anthu ochokera ku Italy. Akafunsidwa ntchito amati ali mu bizinesi yotaya zinyalala, koma chimene chimamudyetsa ndi juga, katapira, katundu wakuba ndi kuopseza anthu. Nkhani imayamba iye atakomoka pakhomo pake, abakha amene ankasambira m'dziwe la kuseri kwa nyumba atauluka, n'kuyamba kupita mobisa kwa dokotala wa matenda a maganizo, Jennifer Melfi.

Ulendo woyamba munthu umaonera n'cholinga chodziwa amene afe. Pobwereza imfa zonse umakhala ukuzidziwa kale, ndiye khutu limayamba kumva zimene zikukambidwa kukhitchini. Mu sizoni yachiwiri muli Davey Scatino, mnzake wa Tony wa paubwana, mwini sitolo ya zamasewera, amene juga inamulowa m'magazi. Atakongola kwa Tony n'kulephera kubweza, analanda galimoto ya mwana wake Eric n'kukapereka. Tony anaitenga n'kukaimika pakhomo kuti ndi mphatso ya Meadow, mwana wake wamkazi. Meadow sanachedwe kuizindikira, pakuti Eric anali mnzake wa kusukulu, ndipo anaikana. Bambo ake anamukalipira kuti chilichonse chimene ali nacho m'nyumbamo chimachokera ku ntchito yomweyo. Apo Tony sananame. Chakudya, zovala ndi fizi zinali ndi eni ake enanso amene analira, kungoti pa galimoto iyi mtsikanayo ankamudziwa mwini wake ndi dzina lomwe.

Amene ndakhala ndikumuganizira kwambiri miyezi yonseyi ndi Carmela, mkazi wa Tony. Edie Falco amasewera mayi amene aliyense angamupatse ulemu: Mkatolika wokonda tchalitchi chake, wodziwa kuphika, wosagona pa nkhani ya sukulu ya ana, amene bambo mfumu Phil amakonda kudzadya kunyumba kwake. Ntchito ya mwamuna wake akuidziwa, zibwenzi zake akuzidziwanso. Mu sizoni yachitatu anapita kwa dokotala wina wachikulire, Krakower, ali ndi chiyembekezo choti amva zimene anazolowera, zoti apirire ndi kuthandiza mwamuna wake kusintha. Mkuluyo sanazungulire. Anamuuza kuti atenge ana achoke, ndalama za mwamunayo azisiye chifukwa ndi zamagazi. Iye mwini anakana kulipidwa, n'kumuuza kuti kuyambira tsikulo sangadzanenenso kuti panalibe womuchenjeza. Taonani nkhope ya Carmela pamenepo. Akuyesa kufewetsa mawuwo, akufunsa ngati dokotala akutanthauza kuti aziika malire m'banja, ndipo mkuluyo akumubweza kuti anene zimene wauzidwa. Gawolo lisanathe tikumupeza ali gone pasofa, atafunda, Tony akufunsa chavuta n'chiyani. Chimene anapempha ndi madola 50,000 oti aperekedwe ku yunivesite ya Columbia, kumene Meadow ankaphunzira. Tony anavomera, n'kumutenga kuti akadye kunja.

Kumapeto kwa sizoni yachinayi Carmela anamupirikitsa Tony pakhomo, ndipo mkangano wawo m'gawo limenelo ndi woopsa kuposa kuomberana kulikonse m'seweroli. Koma chinamupsetsa mtima ndi chibwenzi chakale cha Tony chimene chinaimba foni kunyumba, osati anthu amene anaphedwa. Anabwererana mu sizoni yachisanu, Tony atavomera kutulutsa madola 600,000 ogulira malo oti mkaziyo amangepo nyumba yogulitsa. Ngakhale zili choncho, ine kumuda mayiyu ndikulephera. Ana ake amawakonda zenizeni, mantha ake ndi enieni, ndipo akalira sanamizira. Ambirife sitinagwirepo mfuti, koma kulandira thandizo la wachibale n'kusankha kusafunsa kumene wazitenga, ndi angati angalumbire kuti sanachitepo? N'chifukwa chake magawo a Carmela amandisowetsa mtendere kuposa a kuphana.

Timati chibale ndi fupa, sichiwola, ndipo anthu a m'seweroli angavomereze ndi mtima wonse, pakuti mawu oti banja sachoka pakamwa pawo. Koma tawerengani amene afa ndi amene awapha. Mu sizoni yoyamba momwe, amene anakonza zopha Tony ndi bambo ake aakulu, Junior, mayi ake omubala, Livia, atawathira mawu m'khutu chifukwa chokwiya kuti mwana wawo wawasiya kunyumba yosungirako okalamba ya Green Grove. Tony atamva matepi amene apolisi ofufuza a FBI anajambula awiriwo akukambirana, anapita kwa mayi akewo atanyamula pilo m'manja. Mu sizoni yachisanu anaombera yekha msuweni wake Tony Blundetto, amene anakulira naye limodzi, pofuna kuziziritsa mkwiyo wa gulu la ku New York. Adriana, bwenzi la Christopher, mnyamata wa m'gulu la Tony, ataulula kuti a FBI anamupanikiza kuti aziwauza zinsinsi, Christopher yemweyo anakamunenera kwa Tony. Tony anamuimbira foni mtsikanayo ndi mawu achifundo, kumunamiza kuti Christopher ali kuchipatala, ndipo Silvio, mlangizi wa Tony, anamutenga pagalimoto kupita naye kuthengo.

Imfa ya Christopher ndi imene sindifuna kuibwerezanso. Uyu ndi mnyamata amene Tony ankamutenga ngati mwana wake, amene ankati adzamusiyira zonse. Galimoto yawo itagubuduzika usiku, Christopher ali pachiwongolero, magazi akutuluka m'kamwa, anauza Tony kuti apolisi akamuyeza apeza mankhwala osokoneza bongo m'thupi mwake. Tony anatulutsa foni kuti aitane thandizo, n'kuibweza. Anayang'ana kumbuyo, pamene nthambi ya mtengo inabowola mpando wa khanda la Christopher, umene mwamwayi unalibe mwana, kenako anamutsina mphuno mpaka kupuma kunatha. Mpando uja unamupatsa chifukwa chodziuza kuti wapulumutsa mwana. Masiku a maliro ankatopa ndi kulira kwa anzake, mpaka anakwera ndege kupita ku Las Vegas.

Tony ali ndi malamulo ake a chabwino ndi choipa, ndipo ukaonera nthawi yaitali umaona pamene amathera. Ralph Cifaretto, wa m'gulu la Tony, atamenya mpaka kupha Tracee, mtsikana wovina ku Bada Bing, malo omwera mowa amene gululi limakumanirako, Tony anamuwomba chibakera, koma posapita nthawi anamukweza udindo chifukwa ankabweretsa ndalama zambiri. Ralph yemweyo anaphedwa ndi manja a Tony hatchi yampikisano, Pie-O-My, itapsa m'khola. Chisoni chake pa nyama n'chenicheni, ndipo n'chimene chimatipusitsa oonerafe kuti mkati mwake muli munthu wabwino amene akungodikira tsiku lotuluka.

Munthu mmodzi amene anakana thandizo la Tony pa nthawi imene ankalifuna kwambiri ndi Melfi. Atagwiriridwa pamalo oimikapo magalimoto, apolisi anamutulutsa woganiziridwayo chifukwa cholakwitsa ndondomeko, ndipo Melfi anadziwa kumene amagwira ntchito. Mawu amodzi kwa Tony akanakwanira. Tony atamuona akulira anafunsa ngati pali chimene akufuna kumuuza. Lorraine Bracco, amene amasewera Melfi, anakhala chete kanthawi, n'kuyankha kuti ayi. Ine woonera ndinkafuna kuti anene, ndipo ndikukhulupirira kuti amene analemba gawolo ankadziwa kuti ambiri tidzafuna zomwezo.

Si zonse zimene zapirira kubwereza. Magawo a maloto, makamaka koyambirira kwa sizoni yachisanu ndi chimodzi pamene Tony ali chikomokere m'chipatala Junior atamuombera, amakoka nthawi. Sizoni imeneyi ili ndi magawo 21 pamene zinazo zili ndi 13, ndipo theka lake loyamba limayenda mokwawa. Nancy Marchand, amene ankasewera Livia, anamwalira mu 2000, ndipo kagawo kamene anamupanga pa kompyuta mu sizoni yachitatu sikaoneka bwino ngakhale pang'ono. Atsikana ovula a ku Bada Bing nthawi zambiri amangoikidwa kuti adzaze chithunzi, zimene sindigwirizana nazo m'sewero limene kwina limamvetsa bwino mavuto a amayi. Nkhani ya AJ, mwana wamwamuna wa Tony, ndi imene yakula m'maso mwanga. Amaoneka waulesi ndi wotopetsa, koma pofika tsiku limene bambo ake anamuvuula m'dziwe lija atafuna kudzipha, umaona kuti matenda a m'nyumbamo anagwera iye.

Za mathero, pamene banja likukumana ku malo odyera a Holsten's kuti lidye, chithunzi n'kungoda mwadzidzidzi, anthu akhala akukangana kuyambira 2007 ngati Tony anaphedwa kapena ayi. Ine mkanganowu sundikoka. Pofika pamenepo Meadow wasankha kuphunzira zamalamulo ndipo akunena kuti boma limazunza anthu a mtundu wawo, AJ ali ndi galimoto yatsopano ndipo wapatsidwa ntchito kudzera mwa anzake a bambo ake, Carmela akuyang'ana mapulani a nyumba ina. Mtsikana amene anakana galimoto ya Eric uja tsopano akuikira kumbuyo bambo ake, ndipo zimenezi zinachitika Tony ali moyo.

Chingerezi cha ku New Jersey n'chothamanga ndipo n'chodzaza ndi mawu a Chitaliyana, choncho tsegulani mawu olembedwa pansi. Muli kutukwana, umaliseche ndi nkhanza, si sewero loonera pabalaza ana ali maso. Ngati muli pabanja, oneranani ndi mnzanuyo, gawo limodzi kapena awiri pa usiku, ndipo mukafika pa dokotala Krakower muimitse kaye mufunsane zimene aliyense akanachita.