Chishango cha Rohan: m'manja chimakhala bwino, koma utoto wake sukhalitsa

Ndinagulira mwana wanga wamwamuna chishango chimenechi pa intaneti miyezi 4 yapitayo, atamaliza kuwerenga The Lord of the Rings ya Tolkien. Ndi cha asilikali a pa akavalo a dziko la Rohan, la m'buku limeneli: chozungulira, cha matabwa, chobiriwira, ndipo pali chithunzi cha kavalo woyera akuthamanga. Mwanayo ankafuna chizindikiro chimenechi chifukwa m'bukumo Gimli, wankhondo wa mtundu wa anthu afupiafupi, amapatsidwa chishango chaching'ono cha kavalo woyera pa zobiriwira, chomwe anapangira Théoden, mfumu ya Rohan, akali mnyamata.

Chimene chandikhutiritsa kwambiri ndi kagwiridwe kake. Zishango zambiri zoseweretsa zimakhala ndi malamba awiri olowetsamo mkono. Ichi ayi. Pakati anaboolapo, kumbuyo anapingasapo mtengo wogwirira, ndipo kutsogolo anavundikirapo chitsulo chotumphuka ngati kambale, choti nkhonya ibisalemo. Umu ndi mmene zinkakhalira zishango zenizeni za ma Anglo-Saxon, anthu akale a ku England, ndi za ma Viking, ankhondo akale a kumpoto kwa Ulaya. Zomwe anazipeza m'sitima ya ku Gokstad, ku Norway, mu 1880, zinali za matabwa opyapyala, zopakidwa zachikasu ndi zakuda, ndipo nazonso zinkagwiridwa pakati. Tolkien ankaphunzitsa Chingelezi chakale ku yunivesite ya Oxford, ndipo anthu a ku Rohan anawapatsa mayina a chinenero chimenecho, choncho amene anakhoma chishangochi sanasochere potengera za nthawi imeneyo. Ukachigwira umamva kusiyana kwake: umachitambasula kutali ndi thupi, umachitembenuza ndi dzanja lokha, ndipo ndodo ya mnzako imaterereka m'malo mokupweteka pamkono. Amene anavinapo ingoma atagwira chishango chachikopa pa ndodo yake yakumbuyo sangachedwe kuchizolowera.

Kavaloyo anamujambula mowonda, thupi lalitali, miyendo yotambasuka, mofanana ndi kavalo woyera wosemedwa pa phiri la Uffington ku Oxfordshire, ku England. Ine ndimamukonda choncho, ngakhale mlongo wake akuti akuoneka ngati galu wanjala.

Tsopano zokhumudwitsa. Utoto anaupaka mwachindunji pa thabwa, osayamba akutirapo nsalu kapena chikopa, ndiponso osapakapo vanishi. Anyamata atangomenyana ndi malupanga amitengo Maloweruka awiri, mutu wa kavalo unayamba kusuluka. Mkombero nawonso anauzunguliza ndi chikopa chopanga, chomata ndi guluu, ndipo chinamatuka mbali imodzi mwezi usanathe. Pamenepa mpamene chishango chimalandirira nkhwangwa ndi lupanga, ndiye sipayenera kuchitidwa mwachidule. Ndinakagula chikopa cha ng'ombe, ndinachiviika m'madzi, n'kuchisokerera m'mabowo omwe ndinaboola kuzungulira. Chitauma chinakoka matabwa onse pamodzi, ndipo mpaka lero sichinasunthe. Ogulitsawo nditawalembera anayankha patapita sabata, ndipo anangonena kuti katunduyu ndi wokongoletsera pakhoma. Pa chithunzi chotsatsira, komabe, panali munthu atachigwira ngati ali pankhondo.

Pa nyenyezi 5 ndikupereka 3. Wofuna chopachika m'chipinda agule osakayika. Wogulira mwana woti azisewera nacho panja akonzeretu vanishi, chikopa ndi singano yaikulu, ndipo ayambe wamangitsa zomangira za chogwirira, chifukwa ziwiri mwa zathu zinafika zili zogwedera.