Fyuluta ya sensa ya chinyezi: kachipewa ka PTFE, chitsulo cha timabowo kapena kansalu wamba?

Okutobala wathayu ndinatsitsa timbale toyera timene timatchinga sensa yanga yoyezera chinyezi cha mumpweya ku dzuwa kuti nditsuke mvula isanayambe. Fumbi lofiira la mumsewu wathu linali litamata pa kambale kalikonse, kangaude atayala ukonde pakati pa kachitatu ndi kachinayi, ndipo pa bodi ya magetsi imene sensa imakhalapo panali mwaye wa tchire limene anthu amatentha kuyambira Ogasiti. Koma nditayang'ana pansi pa kachipewa kosefa fumbi kamene kamaphimba sensa, sensa yeniyeniyo inali mbee, ngati ndaigula dzulo. Sensa yanga yoyamba, yotchipa ija, inalibe mwayi umenewo. Ndinaisiya pamtetete m'timbale tomweto, ndipo isanathe chaka inakakamira pa 99 peresenti usana ndi usiku, ngakhale pa dzuwa loswa mtengo. Kuyambira pamenepo ndayesa njira zingapo zoitchinjirizira, ndipo ndikufuna anzanga amene muli ndi makina oyezera nyengo pakhomo musaononge ndalama pamene ine ndinaononga.

Tiyambe ndi chimene tikutetezacho. Sensa zambiri za masiku ano, monga SHT31 ndi SHT35 za kampani ya Sensirion ya ku Switzerland, kapena BME280 ya Bosch, zili ndi kapulasitiki kapadera kopyapyala kwambiri kamene kamamwa nthunzi ya madzi ya mumpweya n'kuilavulanso mpweya ukauma. Mmene kakumwera ndi mmene mphamvu yake yosunga magetsi ikusinthira, ndipo kusinthako ndi kumene timawerenga ngati peresenti. Njira imeneyi inatchuka ndi kampani ya Vaisala ya ku Finland, imene inatulutsa sensa yake ya HUMICAP mu 1973. SHT31 ndi kanthu ka mamilimita 2.5 mbali iliyonse, kosaposa njere ya mapira, ndipo pamwamba pake pali kabowo kamene mpweya umalowera. Fumbi ndi mwaye zikakhala pa kabowoko zimasunga madzi zokha, ndiye sensa imayamba kuyeza chinyezi cha fumbilo m'malo mwa cha mpweya. Choncho ntchito ya fyuluta ndi yovuta kuposa mmene imaonekera: itseke fumbi, tizilombo ndi madontho, ilole nthunzi kudutsa, koma iyoyo isasunge madzi ngakhale pang'ono.

Mfundo yomalizayi ndi imene imagwetsa kansalu. Ambiri timayamba ndi zimene zili pafupi, kachidutswa ka chitenje kapena ka sokosi, n'kumanga ndi ulusi. Amene munaphunzira pa sukulu imene inali ndi bokosi loyera la zoyezera nyengo mukukumbukira kuti thermometer imodzi inkakutidwa ndi kansalu konyowa, ndipo nthawi zambiri inkaonetsa kuzizira kuposa inzake. Kansalu pa sensa kamachita zomwezo. Mame akagwa kamanyowa, ndipo mpaka kaume sensa imanena kuti kunja kuli chinyezi chambiri ndiponso kukuzizira, pamene dzuwa lakwera kale. Sefa wa pawindo ndi wabwinoko chifukwa samwa madzi, ndipo amaletsa akangaude ndi mavu omanga ndi dothi aja, koma fumbi limadutsa ngati palibe kanthu. Neti ya udzudzu yonyikidwa m'mankhwala musaiyandikize n'komwe.

Njira yachiwiri ndi chipewa chachitsulo cha timabowo, chooneka ngati chala, chimene chimabwera ndi masensa a chingwe chachitali. Amachipanga potenthetsa ufa wachitsulo mpaka timibulu take tigwirane n'kusiya timipata tosaoneka bwino ndi maso. Ukachigwira m'manja umakhulupirira nthawi yomweyo, chifukwa n'cholemera ndiponso cholimba, ndipo khoswe sangachitafune. Ine ndinachikonda mpaka chiperoni atafika.

Ndimakhala kumtunda kwa Limbe, njira yopita ku Thyolo, ndipo kuyambira Meyi mpaka Ogasiti timalandira chiperoni, nkhungu ndi mvula yowaza ija imene mphepo imabweretsa kuchokera ku nyanja ya mchere ya India, dzina lake lochokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique. Nkhunguyo imalowa paliponse, ngakhale pakati pa timbale. Timipata ta chitsulo tinkadzaza madzi, ndipo kukacha bwino, zovala zitayamba kale kuuma pa chingwe, sensa inali ikadali m'nkhungu ya dzulo. Ndinkachigwira chipewacho masana n'kumva kuti chikadali chonyowa. Vuto lina n'lakuti chitsulo chimachedwa kutentha ndi kuzizira, pamene peresenti ya chinyezi imadalira kutentha kwa mpweya umene uli pa sensa penipenipo. M'mawa chitsulo chikatsalira m'mbuyo, manambala onse awiri amatsalira nacho. Sindikuti chipewachi n'chachabe. M'chigafa cha fodya, m'nkhokwe kapena m'shedi ya mbande, kumene choopsa ndi kugundidwa ndi kutafunidwa, ndingasankhe chimenechi osaganiza kawiri. Koma pa mtengo wa panja, m'dera la nkhungu, ayi.

Pali mtundu wina wa chipewa chomwechi wopangidwa ndi pulasitiki yotchedwa PTFE m'malo mwa chitsulo, ndipo umenewo ndi umene akatswiri amagwiritsa ntchito. Sensa ya Vaisala HMP155, imene imapezeka m'malo ambiri oyezera nyengo a maboma, imabwera ndi fyuluta yotere, ndipo oipanga amati imatenga masekondi 20 kuti ifike pa 63 peresenti ya kusintha kwa chinyezi, ndi masekondi 60 kuti ifike pa 90. SHT31 yopanda chophimba amaiika pa masekondi 8. Ndikutchula manambalawa chifukwa anthu ena amaopa fyuluta poganiza kuti ichedwetsa sensa. Mphindi imodzi si kanthu pa nkhani ya nyengo. Kuchedwa koopsa ndi kwa maola kuja, kwa fyuluta imene yanyowa.

PTFE ndi pulasitiki yoterera ija imene amapaka m'mapoto osamata chakudya, ndipo madzi sagwirana nayo, amangogubuduka ngati pa tsamba la koko. Ikakokedwa mwaluso imakhala kachikopa ka timabowo ting'onoting'ono, njira imene Bob Gore anatulukira mu 1969 ndipo inabala nsalu ya Gore-Tex. Dontho la madzi silingalowe m'timabowoto, koma nthunzi imadutsa. Sensirion imagulitsa kachipewa kotchedwa SF2, kopangidwira masensa a SHT2x ndi SHT3x (gulu la SHT31 ndi SHT35), kamene kali ndi kachikopa kameneka pamwamba. Ubwino wake waukulu ndi wakuti kamakhala moyandikana kwambiri ndi sensa, moti mpweya wotsekeredwa m'kati ndi wochepa zedi, ndipo n'kopepuka kosasunga kutentha. Kakamatidwa bwino kamafika pa muyezo wa IP67, kutanthauza kuti fumbi sililowa ndipo kangamire m'madzi akuya mita imodzi kwa mphindi 30. Eni makina oyezera nyengo a Davis Vantage Pro2, amene kuyambira cha mu 2016 amabwera ndi SHT31, ena mwa iwo amaika kachipewa komweka pa masensa awo, makamaka amene ali ndi fani yokoka mpweya usana ndi usiku, poti fani imakokera limodzi ndi fumbi.

Kachipewaka ndi kamene kali pa sensa yanga lero. Koma kuti kakhale bwino ndinadutsa m'madzi otentha, ndipo nkhani yake ndi guluu.

SF2 ili ndi timiyendo timene timayenera kulowa m'mabowo a pa bodi. Mabodi ambiri amene timagula alibe mabowo amenewo, ndipo kuboola wekha n'kuika moyo wa bodi pachiswe, chifukwa timizere ta magetsi tili paliponse. Ndiye umadula timiyendoto n'kumata. Ulendo woyamba ndinatenga silikoni wotsala pomata magalasi a mawindo, wonunkha ngati viniga uja, ndinazunguliza m'mbali monse mwa kachipewa, n'kubwezera sensa m'timbale madzulo omwewo. Fungo lija ndi asidi amene silikoniyo amatulutsa pouma, ndipo ine ndinamutsekera m'kati limodzi ndi sensa. Kwa milungu ingapo manambala anali okwera kuposa mmene ndinkawadziwira, ndipo zinandiwawa kwambiri chifukwa mbiri ya mwezi wonse wa mvula zoyamba inaonongeka ndi dzanja langa lomwe. Malangizo a Sensirion amachenjeza momveka bwino za zimenezi: nthunzi ya zomatira, ya penti, ya acetone, ya spiriti ndi zina zotere imalowa m'kapulasitiki koyezera kaja n'kukasokoneza. Supa guluu ndiye woipitsitsa pa ntchito imeneyi. Mwaona utoto woyera umene amasiya m'mbali mwa pamene mwamata? Umenewo umakakhalanso pa sensa. Guluu wa mfuti yotenthetsa alibe fungo lambiri, koma amafewa ndi kutentha ndipo amasiya kugwira pakapita nthawi.

Ulendo wachiwiri, pa sensa yatsopano, ndinachita mosiyana. Ndinafuna silikoni wolembedwa kuti neutral cure, wosatulutsa asidi pouma, wa zipangizo za magetsi. Ndinakhala pakhonde pamene mphepo imadutsa, ndinagoneka kachipewa pamalo pake kaye, kenako ndi kamtengo kotokosera m'mano ndinadontheza pang'onopang'ono kunja kwa m'mphepete mwake, osalola kuti kalikonse kalowe pansi. Kachikopa koyerako sindinakakhudze ndi chala, chifukwa mafuta a m'manja, ngakhalenso sopo, amachititsa kuti PTFE iyambe kugwira madzi. Bodiyo ndinaisiya poyera m'chipinda chotsegula mawindo sabata yathunthu ndisanaibwezere panja, ndipo poimangirira ndinaonetsetsa kuti kachikopako kayang'ane pansi kapena cham'mbali kuti dontho lisagone pamwamba pake. Amene simukupeza silikoni wotereyu, musakakamize ndi amene alipo. Mangani kachipewako ndi twaini wopyapyala wowedzera nsomba, muzunguliza bodi kawiri. Simufika pa IP67, koma fumbi lambiri litsalira kunja ndipo sensa simuidyetsa poizoni.

Ndikadadziwa poyamba, bwenzi nditapewa zonsezi. Masensa omwewa amapangidwanso ali ndi kachikopa ka PTFE komatidwa kale ku fakitale, ndipo amadziwika ndi chilembo F pa dzina, monga SHT31-DIS-F ndi SHT35-DIS-F. Palibe chodula, palibe chomata. Mukayang'ana chithunzi cha bodi muona kachigamba koyera pamwamba pa sensa, ndipo kameneko musakamatule poganiza kuti ndi pepala la m'sitolo. Koma samalani ndi chilembo P: mtundu umenewo uli ndi kapepala kongoteteza sensa pa nthawi yopaka bodi vanishi, kamene kamayenera kuchotsedwa sensa isanayambe ntchito. Kwa munthu amene akugula sensa yatsopano, ine ndinganene F, basi. SF2 ndi ya amene muli kale ndi sensa yabwino yopanda chophimba, kapena makina ogula athunthu amene simungasinthe sensa yake. Kuipa kwa F n'kwakuti kachikopa kakadetsedwa simungakasinthe pakokha, pamene kachipewa mungathe kukachotsa n'kuika kena. Zonse ziwirizi n'zoitanitsa kunja, ndipo mtengo wotumizira umaposa wa katunduyo, ndiye ndi mmene ndalama zakunja zikuvutiramu ndi bwino kusonkherana anthu angapo n'kuitanitsa kamodzi.

Poyembekeza katunduyo, tepi yoyera ya mapulambala, yokulunga pa mazinga a mipope ija, ingakuthandizeni. Nayonso ndi PTFE, imapezeka mu hadiweya iliyonse, ndipo imalola mpweya kudutsa pang'ono. Kulungani kamodzi kokha, mosakoka kwambiri, pa kachubu kapena kafelemu kozungulira sensa. Imang'ambika msanga ndipo makulidwe ake sakhala ofanana, ndiye muziiona mwezi uliwonse.

Pali zinthu zimene fyuluta iliyonse mwa izi singathe. Chimene chimalola nthunzi ya madzi chimalolanso mpweya wina uliwonse, choncho fungo loswa mphuno la m'khola la nkhuku, utsi wa khitchini ya nkhuni ndi mankhwala opopera m'dimba zimafika pa sensa ngakhale itavala kachipewa. Yankho lake ndi kusuntha mtengo umene mwamangirirapo makinawo, kuupititsa kutali. Fyuluta silowanso m'malo mwa timbale totchinga dzuwa. Ndipo chiperoni akakhazikika masiku atatu kapena anayi, musathamangire kuimba mlandu kachipewa: Sensirion imanena yokha kuti SHT3x ikakhala maola 60 pa chinyezi choposa 80 peresenti imatha kukwera ndi 3 peresenti, kenako imabwerera mwakale pang'onopang'ono mpweya ukauma.

Kuti mudziwe ngati fyuluta kapena guluu wanu wasintha kanthu, musayerekeze ndi manambala a zanyengo a ku Chileka ngati mumakhala kumtunda ngati ine, chifukwa kumeneko n'kotsika ndiponso kotentha. Yesani ndi mchere. Thirani mchere wa kukhitchini m'kabotolo, mudonthezere madzi mpaka ukhale ngati mchenga wonyowa, osati kusungunuka wonse. Ikani kabotoloko m'chigubu chotseka bwino limodzi ndi sensa, mcherewo usakhudze bodi, n'kusiya tsiku lathunthu m'chipinda chimene kutentha sikusinthasintha. Mpweya wa m'chigubumo umakhazikika pafupi ndi 75 peresenti. SHT31 amaipatsa malire a 2 peresenti uku ndi uku, SHT35 a 1.5, ndiye 73 kapena 77 zisakudetseni nkhawa. Yesani musanamate, mulembe nambalayo, muyesenso guluu atauma. Ine ndimabwerezanso kawiri pa chaka, mu Epulo chiperoni asanayambe ndi kumapeto kwa Okutobala fumbi litatha ntchito yake, ndipo manambalawo ndimalemba ndi pensulo m'kati mwa chivundikiro cha bokosi la batire.