Kalenda ya ku Scotland ya pa khoma: zithunzi zabwino, koma ma holide athu mulibe

Kalenda iyi ndinaigula pa msika wa Lamlungu pa Arcades ku Lusaka kwa bambo wina wogulitsa mabuku akale ndi ma magazini, K120, ati inabwera mu katundu wa m'bale wawo wogwira ntchito ya unesi ku Glasgow. Pepala ndi lolimba lonyezimira, waya wa pamwamba sunapindike mpaka manje, ndipo mwezi uliwonse uli ndi chithunzi chachikulu ndi tindime tofotokoza zomwe a Scotland amachita nthawi imeneyo.

Januwale ndiye wadzadza zoona. Iwo amapuma pa 1 ndi pa 2 pomwe chifukwa cha Hogmanay, phwando lawo lolowera chaka, ndipo alemba za mwambo woti munthu woyamba kulowa m'nyumba ikangokwana 12 usiku azibwera ndi mphatso, mwina kachidutswa ka malasha. Kuno ndi kukwera mtengo kwa thumba la malasha mlendo wotere tingamulandire ndi manja awiri. Pa 25 ndi Burns Night, kukumbukira wolemba ndakatulo Robert Burns amene anabadwa mu 1759, amadya haggis, kutanthauza mtima, chiwindi ndi mapapo a nkhosa zosakaniza ndi oats n'kuphikira mu chifu, ana anga anachita nkhope koma ine sindinaone vuto, zamkati timadya daily. Chithunzi chomwe chinandigwira mtima ndi cha Up Helly Aa, phwando la moto ku Lerwick pa zilumba za Shetland, Lachiwiri lomaliza la mweziwo, anthu atavala ngati ma Viking, ankhondo akale a pa nyanja, atanyamula miuni akuotcha bwato lathunthu lomwe apanga okha.

Miyezi ya pakati ndi mapiri, nyanja ndi ng'ombe zaubweya zija, zokongola koma basi. Malichi aika rugby pa Murrayfield. Ogasiti ndi Edinburgh yokhayokha, Fringe, phwando la zisudzo ndi nthabwala lomwe linayamba mu 1947, ndi asilikali oimba zitoliro kutsogolo kwa castle, Seputembala ndi masewera a ku Braemar, azibambo ovala kilt, siketi ya chikhalidwe chawo, akuponya chimtengo chachitali, Novembala 30 ndi St Andrew's Day, tsiku la woyera mtima wa dziko lawo.

Manje zomwe sizinandisangalatse. Kalendayi yapangidwa kukopa alendo, ndiye Scotland yake ndi yovina ndi kudya che. Nyumba ya malamulo ya ku Holyrood aipatsa mzere umodzi woti inayamba mu 1999, koma voti ya 2014 yofunsa ngati achoke mu United Kingdom, pomwe 55% anakana ndipo 45% anavomera, palibe olo pang'ono, chikhalirecho nkhaniyo anthu kumeneko akali kukangana nayo. Mpira nawo mulibe, miyezi 12 yonse opanda Celtic ndi Rangers sure? Ife ambiri tinayamba kutsatira ligi yawo nthawi imene Fashion Sakala anali ku Rangers. Ngakhale David Livingstone, wobadwira ku Blantyre ya kwawo mu 1813 n'kudzamwalira kuno kwa Chitambo mu 1873, sanamutchule.

China, mukaipachika mu ofesi samalani, 24 Okutobala ndi tsiku wamba mmenemo, 28 Epulo ya ba Kaunda mulibe, Heroes ndi Unity mulibe, Nc'wala ndi Kulamba ndinachita kulemba ndekha ndi bolopeni ndipo pepala lonyezimira lija inki imafufutika ukaikhudza isanaume, gwiritsani ntchito maka. Pomwe tagwirizana ndi Lolemba loyamba la Ogasiti, iwo ali pa holide ya chilimwe ife tili pa Farmers' Day.

Kwa aphunzitsi kapena amene muli ndi mwana amene akupita kukaphunzira ku Edinburgh kapena Aberdeen, gulani, idzakuthandizani kudziwa masiku omwe ma ofesi atseka kumeneko. Yowerengera masiku a fizi ndi malipiro tengani yaulere ija amapereka ku ma hardware mu Disembala. Ndaipatsa 3 pa 5.