Mnyamata wa ku sekondale kapena wosamuka ku koleji ina: timu ya ogwetsana imangidwe ndi ati?

Mpikisano waukulu wa NCAA (bungwe loyendetsa masewera a m'makoleji) wa masewera ogwetsana m'makoleji a ku America umatha mu Malichi, koma mkangano wa masapota umayamba pomwepo: ndani wasaina, ndani wachoka, ndani adzaime pa sikelo iti chaka chamawa. Awa si masewera a WWE a pa TV aja. Apa anthu amagwetsana zenizeni kwa mphindi 7, ndipo timu iliyonse imaimika munthu mmodzi yekha pa sikelo iliyonse mwa masikelo khumi: mapaundi 125, 133, 141, 149, 157, 165, 174, 184, 197 ndi 285, kutanthauza kuyambira pa makilogalamu pafupifupi 57 mpaka 129. Kochi akakhala ndi malo opanda munthu ali ndi njira ziwiri. Akhoza kutenga mnyamata wongomaliza sekondale n'kumukuza yekha, kapena kukatenga munthu wokhwima kale amene walemba dzina lake mu transfer portal, kaundula wa osewera amene akufuna kusamukira ku koleji ina.

Musanaweruze njira ziwirizi, yambani mwadziwa mmene chikho chimawerengedwera, chifukwa masapota ambiri amasochera pomwepa. Pa sikelo iliyonse pamalowa anthu 33, ndipo oyambirira 8 ndiwo amatchedwa All-American. Woyamba amapatsa timu yake mapointi 16, wachiwiri 12, wachitatu 10, kenako 9, 7, 6, 4 ndi 3. Pamwamba pake pamabwera pointi imodzi nthawi iliyonse akapambana n'kupita ndime yotsatira, kapena theka la pointi ngati ali kumbali ya amene anagonjapo kale kamodzi. Palinso mapointi apadera: 2 akamupanikiza mnzake mapewa pansi, 1.5 akamusiya ndi mapointi 15 pa masewerawo, ndi pointi imodzi akamusiya ndi 8 mpaka 14. Motero katswiri wa sikelo amabweretsa mapointi osachepera 20, pamene munthu wogonja kawiri motsatizana amabwerera kwawo osasiya kanthu. Funso loyenera pa dzina lililonse latsopano ndi ili: adzatipatsa mapointi angati mu Malichi, ndipo kwa zaka zingati?

Amene akufuna kuona mphamvu ya transfer portal ayang'ane Oklahoma State ya 2025. Kochi John Smith atapuma pantchito mu 2024, David Taylor anatenga timuyo n'kubweretsa anthu okhwima, ndipo awiri mwa iwo anatenga ukatswiri pa mpikisano wa NCAA ku Philadelphia. Dean Hamiti, wochokera ku Wisconsin, anapambana pa 174. Wyatt Hendrickson, wochokera ku Air Force, anagonjetsa Gable Steveson, mwini mendulo ya golide ya ku Olympics, 5-4 pa 285, atamugwetsa m'masekondi omaliza. Timuyo inathera pa nambala 3. Palibe mnyamata wa zaka 18 amene akanachita zimenezo chaka chake choyamba pa sikelo ya akuluakulu, chifukwa pa 285 mphamvu ya msana ndi ya manja imadza ndi zaka. Ubwino wa wosamuka ndi woti mumagula chinthu chomwe mwachiona kale: mavidiyo ake olimbana ndi anthu a m'koleji alipo, mukudziwa kuti sikelo yake amaikwanitsa, mukudziwanso kuti sizoni ya miyezi isanu thupi lake limaipirira.

Koma Hamiti ndi Hendrickson onse anali m'chaka chawo chomaliza. Mapointi oposa 40 amene anabweretsa anachoka nawo limodzi, ndipo malo awiriwo anafunanso anthu ena. Uku kuli ngati kugula chimanga pamsika m'malo molima: chaka chimenecho mudya bwino ndithu, koma chaka chamawa mubwereranso kumsika, mitengo itakwera. Ndipo imakweradi. Kuyambira mu Julaye 2021 osewera amaloledwa kulandira ndalama pa dzina ndi chithunzi chawo, chaka chomwecho analoledwa kusamuka kamodzi popanda kukhala pansi sizoni yathunthu, ndipo mu 2024 malire a kamodziwo anachotsedwanso. Munthu amene anafikapo pa All-American akalowa mu portal, makoleji angapo olemera amamulimbirana tsiku lomwelo.

Iowa ya 2025 yomweyo imaonetsa mbali zonse ziwiri. Stephen Buchanan, amene anadzera ku Wyoming ndi ku Oklahoma, anapatsa kochi wa Iowa, Tom Brands, ukatswiri pa 197. Michael Caliendo, wochokera ku North Dakota State, anakhala wachiwiri pa 165. Komabe Kyle Parco ndi Jacori Teemer, onse ochokera ku Arizona State ndipo onse atakhalapo All-American kangapo, sanafike pa anthu 8 oyambirira. Teemer anali wachiwiri pa 157 mu 2024, koma anavulala kumayambiriro kwa sizoni ndipo sanabwererenso mwakale. Apa ndi pamene pamapweteka pa munthu wa chaka chimodzi. Mnyamata wanu wamng'ono akavulala mumamudikira, abwera chaka chamawa. Wosamuka wa chaka chomaliza akavulala, ndalama ndi malo zapita, ndipo mwina mwana amene mukanamukuza pa sikelo imeneyo anaona kuti mwamuikira munthu patsogolo n'kunyamuka. Iowa inathera pa nambala 4 ndi mapointi 81.

Tsopano onani Penn State ya kochi Cael Sanderson chaka chomwecho. Inapeza mapointi 177, omwe anaposa 172.5 amene inapeza mu 2024, ndipo anthu ake onse khumi anakhala All-American, chinthu chimene chinali chitachitikapo kamodzi kokha, ndi Minnesota mu 2001. Chodabwitsa n'chakuti mu 2024 inali ndi akatswiri anayi, pamene mu 2025 inali ndi awiri okha, Mitchell Mesenbrink pa 165 ndi Carter Starocci pa 184. Mapointi ochulukawo anachokera kwa anthu asanu amene anathera pa nambala 3. Mwa anthu khumiwo, asanu ndi atatu anabwera molunjika kuchokera ku sekondale. Awiri otsalawo, Mesenbrink ndi Greg Kerkvliet, anasamukadi, wina kuchokera ku California Baptist wina ku Ohio State, koma anasamuka asanadye chaka chilichonse mwa zaka zinayi zimene munthu amaloledwa kupikisana. Ochemerera ena amawawerengera mbali ya portal, koma mmene ine ndikuonera iwowa ndi ana okulira m'nyumba, chifukwa zaka zawo zonse za mpikisano anazipereka pamalo amodzi. Wosamuka wotere, wokhala ndi zaka zitatu kapena zinayi, ndiye woyenera kumulimbirana kuposa dzina lalikulu la chaka chimodzi.

Izi sizikutanthauza kuti mnyamata wa ku sekondale ndi wotsimikizika. Mndandanda wa anyamata apamwamba umene anthu amatumizirana umanama m'njira zitatu, ndipo yoyamba ndi kaseweredwe. Ambiri amatchuka pa freestyle, mtundu wa ku Olympics, pamene munthu akagwetsedwa amangogwira pansi kwa kanthawi, wosewezetsa n'kuwaimiritsa onse. Ku koleji palibe wokudzutsa. Uli pansi uyenera kudzipulumutsa wekha kuti upeze pointi imodzi, ndipo mnzako akakukhalira pamsana kwa mphindi imodzi kuposa mmene iwe wamukhalira, amalandira pointi pamapeto. Mwana amene kusekondale sankagwetsedwa n'komwe amafika osadziwa kutuluka pansi pa munthu wa zaka 23 wodziwa kumanga dzanja kumbuyo ndi kulowetsa miyendo. Choncho poonera vidiyo ya mnyamata watsopano, musatengeke ndi mmene akugwetsera anzake ofooka. Funani masewera amene anayamba ali pansi, muwerenge masekondi amene anatenga kuti aimirire n'kumasula manja a mnzakeyo m'chiuno. Onaninso mphindi ziwiri zomaliza, chifukwa kusekondale masewera ndi a mphindi 6 ndipo ndime yoyamba ya ku koleji ndi ya mphindi zitatu zathunthu.

Yachiwiri ndi thupi. Mwana wa zaka 17 akukulabe, ndipo amene mwamusainira 125 akhoza kukhala wa 141 pofika chaka chachitatu. Kuonda sikuchitika mwachisawawa ngati kale. Anyamata atatu atamwalira akuchepetsa thupi mu 1997, malamulo anakhwima: sizoni isanayambe aliyense amayezedwa madzi a m'thupi ndi mafuta, saloledwa kutsikira pa sikelo imene ingamusiye ndi mafuta ochepera 5 pa 100 alionse, ndipo satsika kuposa 1.5 pa 100 ya kulemera kwake pa sabata. Zotsatira zake n'zakuti munthu mmodzi akakula, mzere wonse umagwedezeka. Ku Penn State, Braeden Davis anapambana mpikisano wa gulu la makoleji la Big Ten pa 125 mu 2024, chaka chotsatira n'kukwera pa 133, Luke Lilledahl n'kutenga 125. Levi Haines, katswiri wa 157 mu 2024, anadumpha 165 chifukwa panali Mesenbrink n'kukaima pa 174, pamene Starocci anachoka kupita pa 184. Ku Penn State zinatheka chifukwa mipata inatseguka nthawi yake. Kumene sizitheka, anyamata awiri apamwamba amaunjikana pa sikelo imodzi, mmodzi amakhala pabenchi, ndipo mu Epulo dzina lake limapezeka mu portal.

Yachitatu ndi yachidule: lonjezo lapakamwa silimanga munthu. Bo Bassett analengeza kuti apita ku Iowa kumayambiriro kwa 2025, patapita miyezi yochepa n'kusintha, n'kusankha Virginia Tech. Musalembe dzina pa mzere wa zaka zitatu zikubwerazi mwiniwake asanasaine.

Mnyamata akafika, pamabuka mkangano wina umene masapota amaukonda kwambiri: alowe pompano kapena apume chaka, chimene amati redshirt? Lamulo ndi lakuti munthu ali ndi zaka zisanu zoti agwiritsiremo masizoni anayi. Wopuma amachita nawo zokonzekera tsiku ndi tsiku, amakalowa mipikisano yotseguka payekha osaimira timu, ndipo wa chaka choyamba amaloledwanso kuimira timu pa masiku osapitirira asanu popanda kutaya chaka chakecho. Masiku asanu amenewa ndi chida chabwino kwambiri chimene kochi ali nacho, ndipo ndi kuwononga kuwathera pa makoleji ofooka mu Novembala. Muyeseni ndi anthu awiri kapena atatu amene ali pakati pa 15 apamwamba pa sikeloyo. Akawagonjetsa, kapena akagonja ndi pointi imodzi koma akutuluka pansi mosavuta, mulowetseni. Mark Hall wa ku Penn State analowetsedwa mu Januwale 2017 n'kutenga ukatswiri pa 174 mu Malichi. Spencer Lee anachita chimodzimodzi ku Iowa pa 125 mu 2018. Tyler Kasak wa ku Penn State analowa pa 149 chifukwa Shayne Van Ness anavulala, ndipo ku NCAA ya 2024 anagonja masewera oyamba, kenako anapambana kasanu ndi kawiri motsatizana mpaka nambala 3.

Amene amati aliyense azipuma kaye amaiwala kuti chaka chachisanu chimene mukusungacho sichilinso chanu chokha. Kale munthu akapuma chaka munkadziwa kuti mudzamuona ali ndi zaka 23 atavala yunifolomu yanu. Lero akhoza kukadyera chakacho kwina. Ndiye kupumitsa kumayenera pa zifukwa zooneka: patsogolo pake pali All-American amene watsala ndi chaka chimodzi, thupi lake lili pakati pa masikelo awiri, kapena ndi wa 197 kapena 285 amene akufunika chaka chonyamula zitsulo. Pa masikelo aang'ono, makamaka 125, kudikira kumangomuwonjezera mapaundi amene adzavutike kuwachotsa.

Pali chinthu chinanso chimene chasintha mawerengedwe onsewa. Kwa zaka zambiri timu inkaloledwa masikolashipu 9.9 okha, ogawidwa zidutswazidutswa kwa anthu oposa 30. Dongosolo lothetsa mlandu wa House, umene osewera anasumira NCAA pa nkhani ya ndalama, litavomerezedwa mu Juni 2025, makoleji amene analowa m'dongosololi alibenso malire amenewo, koma timu siyenera kupitirira anthu 30. Pa masikelo khumi, ndiye kuti anthu atatu pa sikelo: woimira timu, womulowa m'malo akavulala, ndi wamng'ono amene akukula. Mpata wosunga mwana wosadziwika kwa zaka zitatu kuti mwina adzatulukira mochedwa wachepa kwambiri, ndipo wosamuka aliyense amene mwamutenga akudya malo a mmodzi mwa atatuwa.

Kwa timu yofuna chikho, njira ya Penn State ndiyo yolimba, portal n'kumangotsekera bowo limodzi kapena awiri, monga Max Dean anachitira atachoka ku Cornell n'kupambana pa 197 mu 2022. Kwa kochi watsopano amene wapeza mzere wodzaza mabowo, monga Taylor, kugula chaka chimodzi n'koyenera, chifukwa ana a ku sekondale amatsatira kumene aona zikho. Choyenera kuyang'ana ku Oklahoma State tsopano si mayina a osamuka enanso ayi, koma kuti pa masikelo khumi aja ndi angati amene aimapo anyamata osainidwa ndi Taylor mwiniwake kuchokera ku sekondale, ndi kuti akutuluka bwanji pansi akakumana ndi a Iowa ndi a Penn State.