Video.js: nyenyezi 4 pa 5, bola mukhale ndi MP4 pambali

Ndimagwiritsa ntchito Video.js, pulogalamu yoonetsera mavidiyo pa masamba a intaneti, pa webusaiti ya maphunziro yomwe ili ndi mavidiyo aataliatali, ndipo pa zomwe ndinkafuna, yakwanitsa. Ndi yaulere. Kuyambira pa version 7 ya 2018, HLS, njira yotumizira vidiyo pa intaneti, imabwera ili momwemo kale, simufunikanso kuwonjezera kanthu kena.

Chomwe chinandikopa n'chimenechi. HLS, yomwe Apple inayambitsa mu 2009, imaduladula vidiyo m'tizidutswa, ndipo intaneti ikafooka imatsitsa kawonekedwe ka chithunzi m'malo moti vidiyo iime. Safari, browser ya Apple, imamva HLS payokha. Pa Firefox ndi ma browser ena a pakompyuta pamafunika chothandizira, ndiye Video.js imadutsira pa Media Source Extensions, mbali ya browser yolola pulogalamu kuipatsa vidiyo m'tizidutswa. Woonerayo sadziwa n'komwe kuti pachitika zonsezi, amangodina n'kuyamba kuonera. Mabatani nawonso amafanana paliponse.

Koma musanamizike, Video.js sisintha mafayilo anu. Imangosankha pa zomwe mwaipatsa, kuyambira pamwamba pa mndandanda mpaka itapeza mtundu womwe browser ikuuvomera. Ine ndimaika HLS poyamba, pansi pake MP4 ya chithunzi cha mtundu wa H.264 ndi mawu a mtundu wa AAC, chifukwa imeneyo imatseguka pafupifupi pa foni kapena kompyuta ina iliyonse. WebM ya VP9 ndi AV1, mitundu ina ya vidiyo, zimachepetsadi kukula kwa fayilo, komabe mafoni akale ambiri sazikwanitsa bwino, makamaka AV1 yomwe inangotuluka mu 2018. Wodalira zimenezo zokha ataya anthu. Kukonza mitundu yonseyi ndi ntchito yanu, ndi FFmpeg (pulogalamu yosinthira mitundu ya mavidiyo) kapena china chotere, ndipo pa MP4 musaiwale kusankha faststart poikonza, kuti vidiyo izitha kuyamba isanatsike yonse.

Zina n'za ma browser eni ake. Vidiyo imene imayamba kusewera yokha iyenera kukhala muted (yozimitsidwa mawu), apo ayi ma browser ambiri amaitsekereza. Pa iPhone ikani playsinline mu code ya vidiyo kuti vidiyoyo isadzaze sikirini yonse. Mafayilo a HLS a .m3u8 akakhala pa seva ina, CORS (chilolezo choti tsamba lanu litenge mafayilo pa sevayo) ikhale yokonzedwa.

Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa Video.js imalemeretsa tsamba. Ngati muli ndi kavidiyo kamodzi kakafupi, tag ya video ya HTML5 (njira wamba yoikira vidiyo pa tsamba) yokhala ndi mafayilo awiri osankhapo ikukwanirani, tsamba lanu n'kumatseguka msanga. Video.js ndi ya amene ali ndi mavidiyo ambiri komanso oonera a zipangizo zosiyanasiyana.