Ndemanga ya manotsi a O Magnum Mysterium, nyimbo ya a Morten Lauridsen

Manotsiwa ndikuwapatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Mphunzitsi mnzanga aliyense wa kwaya amene akufuna nyimbo ya Misa ya usiku wa Khirisimasi awaganizire, koma ayambe wamva zimene ndikufotokoza pansipa.

Tinawaitanitsa kudzera mwa m'bale wathu amene amakhala ku London, chifukwa kuno sitinawapeze. Phukusi linachedwa panjira, makona a mapepala ena anafika atapindika, koma zolembedwazo zimawerengeka bwino ngakhale m'tchalitchi momwe magetsi ndi ochepa. Ndi kabuku ka masamba owerengeka, ndipo ukangokatsegula umaganiza kuti nyimbo yake ndi yophweka. Manotsi ambiri ndi aatali, palibe pothamanga, palibe limba kapena kiibodi, ndi mawu a anthu okhaokha. Kuyimba kwake ndiye kuli ntchito.

A Lauridsen ndi a ku America, anabadwa mu 1943 m'chigawo cha Washington ndipo anakulira ku Portland. Ali mnyamata anagwirapo ntchito yolondera moto wa m'nkhalango pafupi ndi phiri la St. Helens, asanapite kukaphunzira zopeka nyimbo pa yunivesite ya Southern California ku Los Angeles. Pomwepo anakhala mphunzitsi kwa zaka zoposa 50. Uphunzitsiwo umaoneka m'manotsi awo. Palibe gulu limene analiponyera zotsalira. Alto, amene m'nyimbo zambiri amangokhala pa notsi imodzi kudikira kuti soprano amalize, muno ali ndi njira yawoyawo yoyimbika, ndipo tena nawonso amamva kuti akuyimba nyimbo, osati kungodzaza mpata.

Nyimboyi inayimbidwa koyamba mu Disembala 1994 ndi kwaya ya Los Angeles Master Chorale motsogozedwa ndi a Paul Salamunovich. Mawu ake ndi a Chilatini, akalekale, ochokera m'mapemphero a Khirisimasi: kudabwa kuti ziweto zinaona Ambuye atabadwa, atagona modyeramo, kenako kutamanda Virigo Maria amene anawanyamula m'mimba. Imatenga mphindi pafupifupi zisanu ndi chimodzi.

Vuto loyamba kwa ife linali lakuti kabukuka kali m'manotsi a pamizere basi, pomwe oyimba athu ambiri amawerenga solofa. Ndinakhala pansi n'kuphunzitsa gulu ndi gulu m'solofa, ndikutenga D kukhala d (do). Apa ndi pamene nyenyezi imodzi yachokera, ngakhale ndikudziwa kuti sanalembere ife. Amene sadziwa kumasulira manotsi apeze womuthandiza asanagule. Komanso magulu amagawikana pakati m'malo ena, ndiye kwaya ya anthu ochepa idzaperewera, ndipo mufunika amuna a besi amene angafike pa D wa pansi penipeni pomaliza. Ife tili ndi abambo ena achikulire amene amafikapo mosavuta, ndipo tinawaika pakati kuti anzawo aziwatsamira.

Chimene ndikufuna kuchifotokoza kwambiri ndi kupuma. Kwaya zathu tinazolowera kuyimba ndi mphamvu, ng'oma ndi visekese zikutithandiza, ndipo ndi bwino ndithu. Nyimbo iyi ikufuna kuti anthu makumi angapo ayimbe motsitsa, mawu osaduka, kwa nthawi yaitali. Masabata oyambirira aliyense ankapumira malo amodzi, nyimbo n'kumaduka pakati ngati ulusi wovunda. Kiyi nayonso inkatsika pang'onopang'ono mpaka besi n'kusowa pofikira. Tinaphunzira kupuma mosinthana: uyu akapuma, woyandikana naye agwire notsiyo, ndipo wobwerera alowe mwakachetechete osamveka. Tinaphunziranso kumvetsera. Chord yoyamba yeniyeniyo (manotsi oyimbidwa pamodzi) ili ndi notsi yowonjezera imene imakhudzana ndi inzake, ndipo oyimba ankaithawa poganiza kuti alakwitsa. Ndinkawauza kuti, "Khalani pomwepo amayi, musasunthe, ndi mmene anailembera."

Ndiye pali notsi imodzi ya alto pa mawu oti Virgo, G wokwezedwa, amene m'solofa yathu ndi fe. Sali m'kiyi ya nyimboyi, ndipo amapweteka m'khutu kwa kamphindi asanatsetserekere pamalo ake. A Lauridsen eni ake anafotokozapo kuti imeneyi ndiyo notsi yofunika kuposa zonse m'nyimboyi, yoimira chisoni chimene Maria adzakhale nacho pa imfa ya mwana wake. Nditawauza amayi a alto zimenezi, kayimbidwe kawo kanasintha. Ena mwa iwo anaikapo ana m'manda. Sanafunikenso kukumbutsidwa kuti notsiyo asaithamangire.

Anafotokozanso kuti polemba nyimboyi ankaganizira chithunzi cha Francisco de Zurbarán, wojambula wa ku Spain, cha mu 1633, chosonyeza mandimu, malalanje ndi duwa pa tebulo. Ndinachiyang'ana pa intaneti n'kuonetsa kwaya pa foni. Zinthu zake ndi zochepa, zaikidwa mwaulemu, ndipo zinatithandiza kumvetsa kuti sitiyenera kukometsera ndi zathuzathu. Ngakhale Alleluia wa kumapeto, pomwe mawu amakwera, safuna kukuwa.

Usiku wa Khirisimasi tinaiyimba pa nthawi yolandira Ukaristia. Tena anatsika pang'ono chapakati, koma tinafika kumapeto tili limodzi. Akhristu angapo anabwera kudzafunsa kuti mawuwo akutanthauzanji, ndiye ndikulangiza kuti wina awerenge tanthauzo lake m'Chichewa musanayambe. Phindu lina ndaliona pambuyo pake: nyimbo zathu zachizolowezi za Lenti kwaya ikuziyimba mofatsa kuposa kale, ndipo anthu akumverana.

Boma la America linawapatsa a Lauridsen mendulo ya National Medal of Arts mu 2007, ndipo ali ndi nyimbo zina zambiri za kwaya. Ife tsopano tikusonkha ndalama zoitanitsira O Nata Lux, gawo lachitatu la Lux Aeterna ya mu 1997, chifukwa nayonso siifuna zida. Amene mukugula O Magnum Mysterium, itanitsani makope okwanira oyimba onse m'malo mochita fotokope, ndipo yambani kuphunzitsa mu Seputembala, osadikira Adiventi.