Ndinagulira mwana buku la Iron Man, amene analimaliza ndi bambo ake

Ku Old Town, njira yochokera kumsika waukulu kupita kudepoti, pali mnyamata wina amene amayala mabuku akale pa pulasitiki pansi. Ambiri ndi a sukulu, a Fomu 3 ndi Fomu 4, ena ndi a mapemphero. Ine ndinaima pofuna dikishonale ya Chisomo, mwana wanga wa Sitandade 7. Dikishonale panalibe. Chimene chinalipo ndi buku lamakatuni lonenepa ndithu, Iron Man: Demon in a Bottle. Mwanayo Iron Man amamudziwa kuchokera m'mafilimu, ndiye ndinati bola aziwerenga Chingerezi pa chinthu chimene amachikonda. Mnyamatayo anayambira K12,000, tinathera pa K8,000. Kunena zoona ndinabwera nalo kunyumba ku Area 25 ndisanalitsegule n'komwe, ndipo apo ndiye ndinalakwitsa.

Ndiyambe ndi dandaulo. Masamba anayi apakati anali othothoka, ena awiri anamatana ngati panatayikira tiyi. Nditabwerera Loweruka lotsatira, mnyamatayo anangoseka n'kunena kuti, "Mayi, za kaunjika sitibweza." Sindinakangane naye, poti nanenso ndikagula diresi ya pa kaunjika ndimaiunika kaye padzuwa. Mukamagula mabuku apansiwa, tsegulani tsamba ndi tsamba, musachite manyazi ndi anthu odutsa.

Bukulo ndi nkhani za Iron Man za kampani ya makatuni ya Marvel za mu 1979 zimene anazisonkhanitsa pamodzi, kuyambira nambala 120 mpaka 128. Analemba ndi David Michelinie ndi Bob Layton, zithunzi zambiri anajambula John Romita Jr. Theka loyamba ndi ndewu zokhazokha: za m'nyanja, za kuphulitsana, ndi mkulu wina wachuma, Justin Hammer, amene akupeza njira yolamulira chovala chachitsulo cha Iron Man ali patali, mpaka kuchiphetsa kazembe pamaso pa anthu. Apa Chisomo anasangalala, ine ndinkangovundukula masamba. Koma mukayang'anitsitsa, nthawi iliyonse zinthu zikamuvuta Tony Stark, mwini chovalacho, m'manja mwake mumakhala tambula ya mowa. Poyamba sizioneka ngati nkhani. Pofika kumapeto, tambulayo ndiye nkhani yonse.

Chisomo atafika pamenepo analisiya, akuti "sakumenyananso". Linakhala pa mpando wa pakhonde masiku angapo.

Apa ndiyenera kunena za kwathu pang'ono, apo ayi simumvetsa chifukwa chake ndikulemba. Bambo a Chisomo ntchito inawathera ku Kanengo chaka chatha, kampani ina itachepetsa anthu. Sanalire, sanadandaule. M'mawa ankavalabe shati yositidwa, n'kutuluka ngati akupita kuntchito, madzulo n'kubwera akununkha timabotolo tija. Ine ndinachita zonse zimene anatiuza pa bridal shower: mwamuna ndi pamimba, mwamuna ndi mwana, madzi osamba akhale otentha. Nsima ndinkaphika, ndiwo ndinkayesetsa ndi kandalama kanga ka saluni ya tsitsi. Munthu ankadya n'kuthokoza, koma anali ngati mlendo. Nditatopa ndinayamba kuyankhula kwambiri, kenaka ndinaitana ankhoswe. Anabwera, anatikhazika pansi, bambo anavomera zonse ndi "ndamva, malume", mawa lake n'kubwera mochedwa kuposa kale.

Tsiku lina magetsi atazima ndinawapeza pakhonde akuwerenga bukuli ndi tochi ya foni. Munthu amene sindinamuonepo akuwerenga china choposa nyuzipepala ya mpira. Anandionetsa chithunzi chimene chili pachikuto cha nambala 128: Stark ali pagalasi, ndevu zosameta, thukuta kumaso, botolo pambali, chisoti cha Iron Man chili poteropo. Anati, "Mayi a Chisomo, mwamuona uyu? Akavala chitsulo aliyense amamuwombera m'manja. Akavula palibe amene amamufunsa kuti wadzuka bwanji." Basi. Sananene za iwo eni, inenso sindinawakakamize. Koma m'miyezi isanu ndi itatu amenewo anali mawu oyamba ochokera m'kati.

Gawo limene linandigwira ine ndi lina. Stark ataledzera akukalipira Jarvis, wantchito wake wokhulupirika wa zaka zambiri, mpaka mkuluyo kusiya ntchito. Ndiye pakubwera Bethany Cabe, chibwenzi chake. Sakumunyoza, sakumunyengereranso. Akumuuza za mwamuna wake woyamba amene anamizidwa ndi mankhwala, ndi momwe iye anamuchokera m'malo momuthandiza, kenaka akumuuza Stark kuti pempha thandizo. Stark akupemphadi. Munthu woti amanyamula galimoto ndi dzanja limodzi, mawu amene akumulemera ndi oti "ndithandize". Ine ndinakhala ndikuganiza kuti kwathu kuno mwana wamwamuna akagwa timati "dzuka, mwamuna salira", ndiye akafika zaka 40 timadabwa kuti bwanji sayankhula. Ndinazindikiranso kuti poitana ankhoswe ndinawavula bambo pagulu, pamene chimene ankabisa kwenikweni chinali manyazi oti ndalama ya lendi ikuchokera kwa ine.

Komabe bukuli lili ndi bodza lake, ndipo ndilinene. Mowa ukutha msanga kwambiri. Masamba ochepa a kunjenjemera ndi thukuta, kenaka Stark wapepesa Jarvis, wakana botolo, nkhani yatha. Aliyense amene anakhalapo ndi chidakwa m'nyumba akudziwa kuti sizitero. Mlamu wanga wokonda mabuku amakatuniwa anandiuza kuti nkhaniyi anadzaibwerezanso m'zaka za m'ma 1980, Stark n'kugweranso mu mowa mpaka mnzake James Rhodes kutenga chovalacho. Imeneyo ndiye ikumveka ngati moyo weniweni. China, Bethany ndi mkazi woleza mtima mopitirira muyeso, ndipo alibe ana ofuna fizi kapena landilodi wogogoda pa 1. Stark ndi mpondamatiki, akagwa amagwera pa matilesi. Mwamuna wa ku Area 25 akagwa amagwa ndi banja lonse. Ndiye azimayi anzanga musaliwerenge ngati malangizo oti muzingopirira chilichonse. Akanakhala kuti bambo a Chisomo amandimenya, ndikanalemba zina.

Chingerezi chake n'chosavuta kwa mwana wa sekondale, koma wa pulayimale chimamulemera, ndipo nkhani ya mowayo simufika pamtima. Zithunzi n'zowala bwino ngakhale pepala lachita chikasu. Pa K8,000, ndi masamba anayi osowa, ndikuti ndalama sinapite pachabe, ngakhale dikishonale ija mpaka lero sindinagule.

Bambo sanasiyiretu mowa, ndisakunamizeni. Achepetsa, ndipo masiku ano akabwera amanena kumene anali. Ayamba kuthandiza mnzawo wina kuwotcherera mageti ku Area 49, ndipo Lachisanu lapitali anandipatsa K20,000 ya ndiwo, yopindidwa kanayi, osandiyang'ana kumaso. Ndinalandira ndi manja awiri. Dzulo andituma kuti ndikadutsa ku Old Town ndikamufunse mnyamata uja ngati ali nalo lina lija la Rhodes, ndipo akuti ulendo uno ndiwerenge kaye masamba ndisanalipire.